M'kompyuta ya chipatala azakhali anga ndi anthu atatu

Lamulungu lapitali ndinakwera teksi kupita ku Cosmo City, kuno ku Johannesburg, kukaona azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo. Amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, momwe bedi, sitovu ya mapuleti awiri ndi makatoni odikira ulendo wa kumudzi zimapanikizana ngati anthu pa renki ya mateksi ya Bree m'mamawa. Ndisanamalize n'komwe kupereka moni wa kunyumba, iwo anasolola pansi pa bedi chigoba cha ayisikilimu cha malita awiri n'kuchikhuthulira pa chitenje.

"Iwe unapita kusukulu, tandiwerengera izi. Ine mutu wabalalika."

Munatuluka botolo la ma ARV, timapaketi ta mankhwala a BP a mitundu iwiri, metformin wa shuga, mapiritsi a maondo ogula okha ku famase, timapepala ta Grand-Pa ta mutu, ndi kabotolo kopanda dzina komwe wina anawatumizira pa basi kuchokera ku Dedza. Pansi penipeni panali makhadi a chipatala atatu. Pa khadi loyamba dzina la bambo awo linalembedwa ndi "l", pa lachiwiri ndi "r", pa lachitatu kalaliki anatenga dzina la malemu amuna awo n'kulisandutsa la iwo. Ma ARV amakatenga kukiliniki ina ya kutali, kufupi ndi kumene ankagwira ntchito kale, chifukwa kumeneko kulibe wowadziwa. BP ndi shuga ndi za kukiliniki ya pafupi. Khadi lachitatu ndi la chipatala chachikulu komwe anawajambula maondo zaka ziwiri zapitazo.

Kwa ine, pa bedipo panakhala mayi m'modzi wa zaka 56, wotopa, amene amasita zovala za eni ataimirira tsiku lonse. M'mabuku a zaumoyo a chigawo chino cha Gauteng muli amayi atatu, aliyense wodwala pang'ono chabe.

Akatswiri akhala akulimbana ndi funso la anthu ngati azakhaliwa kwa zaka pafupifupi 40. Munthu akasenza matenda a mgonagona angapo nthawi imodzi, katundu wakeyo timuyeza bwanji? Nanga tingadziwiretu bwanji kuti chaka chamawa adzafuna dokotala kangati, adzagonekedwa kapena ayi? Amene amagawa ndalama, anamwino ndi mabedi amafuna yankho bajeti isanalembedwe, ndiye anapanga masikelo.

Yotchuka kwambiri ndi ya Dr Mary Charlson ndi anzake a ku New York, ya mu 1987. Anatsatira odwala oposa 500 ogonekedwa pachipatala chimodzi n'kuona amene anamwalira chaka chisanathe. Kenako anasankha matenda 19 n'kupatsa aliwonse mapointi 1, 2, 3 kapena 6. Shuga wosavuta 1, shuga amene wawononga kale ziwalo 2, khansa yofalikira m'thupi 6, Edzi 6. Mukaphatikiza, mwapeza kulemera kwa wodwala. Mu 1998 Anne Elixhauser anabwera ndi mndandanda wa matenda 30 wochokera m'mafayilo a zipatala za ku California, woti uzilosera masiku ogona m'chipatala, ndalama zake ndi imfa. Mu 2020 a ku Cambridge ku England anatulutsa yawo kuchokera m'mafayilo a madokotala a m'madera, yolosera maulendo okaonana ndi dokotala, kugonekedwa mwadzidzidzi ndi imfa.

Ndisanayambe kudandaula, ndivomereze kuti kuwerenga kotereku kwatitsegula maso. Mu 2012 ku Scotland anaunika mafayilo a anthu 1.75 miliyoni pofufuza matenda 40. Anapeza kuti anthu 23 mwa 100 alionse ali ndi matenda awiri kapena kuposa, kuti oposa theka la anthuwo sanafike zaka 65, ndiponso kuti m'madera osaukitsitsa mtolowu umafika msanga ndi zaka 10 mpaka 15 poyerekeza ndi kwa olemera. Pakanapanda kuwerenga, bwenzi tikunenabe kuti izi ndi za nkhalamba. Kiliniki yodzaza ndi anthu a matenda atatuatatu imafuna anamwino ambiri kuposa ina yoona anthu ochuluka chimodzimodzi koma a chimfine, ndipo woyang'anira wake sangapite kulikulu kukapempha anthu ndi pakamwa pokha. Ndine wa mbali ya owerenga. Vuto langa lili pa chimene akuwerengacho.

Ndinatenga cholembera n'kuwayeza azakhali pa sikelo ya Charlson, pomwepo pa bedi. HIV yoti sinafike pa Edzi ilibe pointi. BP mulibemo n'komwe mumndandandamo. Maondo okutha ndi ntchito, ziro. Shuga, 1. Ngakhale mutawonjezera pointi ya zaka, mayi wa chigoba chodzaza mankhwala akutuluka wopepuka ngati nkhuku ya chitopa. Charlson sanalakwitse. Ankayeza imfa ya chaka chimodzi mu New York wa nthawi imene Edzi inali chigamulo cha imfa. Ife tili mu Johannesburg wa dziko limene lili ndi anthu oposa 7 miliyoni okhala ndi HIV, lomwe linayamba kugawa ma ARV m'zipatala za boma mu 2004, ndipo amene anayamba kumwa nthawi imeneyo lero ali ndi zidzukulu, BP ndi shuga. Malipoti a Stats SA, bungwe la boma losunga ziwerengero, akhala akuonetsa shuga ali pamwamba pa matenda opha amayi m'dziko muno. Sikelo yobwereka imapima katundu wa eni ake.

Komanso kuphatikiza mapointi kumabisa zimene matenda ndi mankhwala amachitirana akakumana m'thupi limodzi. Kuyambira kumapeto kwa 2019 anthu ambiri kuno anasamutsidwira pa TLD, piritsi limodzi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Ndi mankhwala abwino, asakunamizeni munthu. Koma dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi, choncho wolemba mankhwala a shuga ayenera kudziwa kuti munthuyo ali pa TLD kuti asapyoze mulingo. Tenofovir amafuna kuti impso ziziyezedwa. Shuga ndi BP nazonso zimadya impso zomwezo, ndipo mapiritsi a ululu a mtundu wa ibuprofen, omwe azakhali amameza ngati mtedza maondo akavuta, amazipanikiza ndi kukwezanso BP. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira konkuno mkatikati mwa Johannesburg n'kutuluka mu 2019, anaonetsa kuti ambiri amanenepa akayamba dolutegravir, makamaka amayi, ndipo kunenepa ndi bwenzi la shuga. Nesi wa kukiliniki ya pafupi sadziwa za botolo la kukiliniki ya kutali. Ndinawafunsa azakhali chifukwa chake sanamuuze. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Pamzere paja pamakhala amayi a kumpingo. Chitseko cha nesi sichitsekeka bwino."

Zimenezi n'zotheka kukonza. Mutha kusintha mapointi, kuwonjezera matenda, kupanga sikelo ya kuno. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chozama kuposa pamenepo, ndipo chili m'mawu oti "kulosera kagwiritsidwe ntchito ka chipatala".

Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masikelo olosera onsewa anamangidwa pa mwambi umenewu. Kompyuta imapatsidwa mafayilo a zaka zapita, imaona kuti anthu a matenda akutiakuti anabwera kangati, anagona masiku angati, anadya ndalama zingati, n'kuphunzira kuti wodwala kwambiri ndi amene amatsekula chitseko kawirikawiri. Mwambiwo ndi woona m'nyumba mwako, momwe chitseko ndi chako ndipo kiyi ali m'thumba. Kuno ku Joni chitseko ndi cha eni. Ndipo BP samveka m'mimba, amangokhala chete mpaka tsiku limene pakamwa papotoka.

Izi zinachitikapo kale, ndipo zinagwidwa. Mu 2019 Ziad Obermeyer ndi anzake analemba m'magazini ya Science za pulogalamu ya pakompyuta imene zipatala zambiri za ku America zinkagwiritsa ntchito posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera. Pulogalamuyo sinkafunsa khungu la munthu. Inkangolosera ndalama zimene wodwala adzawonongetse. Koma poti anthu akuda, ngakhale adwale mofanana ndi azungu, ankafika kuchipatala mochepa ndipo ankawonongeredwa ndalama zochepa, kompyuta inaphunzira kuti iwo ndi athanzi. Ofufuzawo atawerengetsa potengera kudwala kwenikweni, anapeza kuti akuda pakati pa osankhidwawo akanayenera kukhala 46.5 pa 100 alionse m'malo mwa 17.7. Panalibe wa mtima woipa amene anakhala pansi n'kukonza zimenezi. Anangoyeza mapazi olowa pakhomo n'kuwatcha matenda.

Tsono taganizirani mapazi a azakhali. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola, kutanthauza pafupifupi R230 pa tsiku la maola 8. Tsiku la kukiliniki ndi tsiku lathunthu: kudzuka 4 koloko, mzere wa panja, mzere wa fayilo, mzere woyeza BP, mzere wa nesi, mzere wa mankhwala. Wa maganyu akajomba, tsikulo lapita ndi ndalama yake. Wa pamwezi amayamba wawerenga nkhope ya madamu. Makhadi atatu ndi masiku atatu osiyana, ndiye munthu amasankha. Azakhali sanaphonyepo tsiku la ma ARV, chifukwa anaona ndi maso awo m'zaka za m'ma 1990 chimene chimachitika. La BP ndi shuga amalidumpha akamva bwino m'thupi. Chaka chatha anadumpha miyezi inayi yotsatizana. Pa WhatsApp pankayenda mavidiyo a anthu akubwezedwa pamageti a makiliniki, iwo n'kuti bola kukhala.

Mavidiyowo sanali opeka. Mu 2025 magulu ngati Operation Dudula ankaima pamakomo a makiliniki a boma n'kumaitanitsa ma ID, wopanda ya South Africa n'kumubweza. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, silinena kuti nzika zokha, ndipo mu November chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti gululo lilibe mphamvu yofunsa munthu mapepala. Chigamulo ndi chabwino. Koma miyezi imene anthu anakhala kunyumba inalowa kale m'mabuku, ndipo inalowa ngati miyezi imene anthuwo sanafune chipatala. Kompyuta ikadzaphunzira pa mafayilo a chaka chimenecho idzaona kuti anthu a m'madera ngati Yeoville, Rosettenville ndi Diepsloot, a mayina achilendo, sabwerabwera. Idzalosera kuti chaka chamawa sadzabweranso kwambiri. Wogawa anamwino adzatsatira ulosiwo, mzere udzatalika, anthu adzachepanso, ulosi n'kukwaniritsidwa.

Ife Amalawi tiyenera kuizindikira msanga nkhaniyi, chifukwa agogo athu anaikhalapo. Nthawi ya Wenela ndi TEBA, amuna ankachoka ku Mzimba, ku Dedza, ku Mangochi kudzakumba golide pansi pa mzinda uno. Ankayezedwa polowa, ofooka n'kubwezedwa. Wodwala chifuwa ankakwezedwa ulendo wa kwawo. Fumbi la mwala limatenga zaka kuti liumitse mapapo, choncho ambiri ankayamba kubanika ali kale kumudzi, kontirakiti itatha kalekale. M'mabuku a migodi munkaoneka anthu amphamvu okhaokha. Ofufuza atapita kukayeza amene anabwerera kwawo, ku Thamaga m'dziko la Botswana ndi ku Libode ku Eastern Cape m'zaka za m'ma 1990, anapeza matenda a fumbi mwa oposa m'modzi pa asanu alionse. Panatenga mpaka 2019 kuti khoti livomereze chipukuta misozi cha R5 biliyoni chomwe Tshiamiso Trust ikugawa, ndipo nkhalamba zambiri zinapita zisanaone ngakhale tambala, zina zikusakabe mapepala a zaka 40 zapitazo m'masutikesi odyedwa ndi chiswe.

Lero kulibe Wenela, koma njira ndi yomweyo. Mnzathu akagwa sitiroko ku Mayfair kapena ku Turffontein, gulu la pa WhatsApp limasonkha, timamunyamula mpaka pa basi, wina n'kumuperekeza kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Kukiliniki yake kuno fayilo imangolembedwa kuti anasiya kubwera. Ku Queens kapena ku Mangochi amafika wopanda pepala lililonse, ngati matendawo ayamba dzulo. Zaka zodula kwambiri za kudwala kwake, zomwe sikelo imafuna kulosera, sizilembedwa m'dziko limene anadwaliramo. Ndiye wina akadzati alendo sadwala matenda a mgonagona kwambiri, manambala adzamuvomereza. Wina akadzati alendo amangobwera zinthu zitavuta kudzadzaza mabedi a mwadzidzidzi, manambala omwewo adzamuvomeranso.

Ngakhale kwa eni dziko mabukuwa ndi opendekera. HIV ili ndi kaundula wake wa pakompyuta, TIER.Net, momwe munthu aliyense amatsatidwa payekha: anayamba liti, magazi ake akuti bwanji, waphonya liti. Ndalama za PEPFAR, thandizo la boma la America lolimbana ndi Edzi, zinkalipira makalaliki ambiri olowetsa zimenezi ndi anthu oimbira foni wophonya, ndipo zitadulidwa kumayambiriro kwa 2025 ambiri a iwo anakhala pansi. BP ndi shuga sizinakhalepo ndi mwayi wotere. M'makiliniki ambiri zimakhala m'fayilo ya pepala, kulikulu kumangopita chiwerengero cha mitu. Kafukufuku wa Vukuzazi ku uMkhanyakude, KwaZulu-Natal, sanadikire anthu pakhomo la kiliniki. Anatenga magalimoto oyezera n'kupita kumidzi, n'kuyeza anthu oposa 17,000. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2021, zinaonetsa HIV yogwiridwa bwino mwa ambiri, pamene BP ndi shuga zinali zosadziwika kapena zosagonja mwa ochuluka. Sikelo yodalira mafayilo imawerenga matenda olembedwa. Osayezedwa amalemera ziro.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena, chifukwa mnzanga wina wosoka ku Fordsburg anandiuza m'maso. Anati, "Achimwene, inu mukufuna atiwerenge bwinobwino kuti adziwe pomenya?" Mantha akewo ali ndi maziko. Tonse tinaonera mu 2022 Phophi Ramathuba, pa nthawiyo mkulu wa zaumoyo ku Limpopo, akukalipira wodwala wa ku Zimbabwe ali gone pa bedi kuti anthu ngati iye akumudyera bajeti. Ndipo sikelo ya matenda ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Mu 1997 Thiagraj Soobramoney wa ku Durban, amene impso zake zinali zitafa, anakanizidwa makina otsuka magazi pachipatala cha boma chifukwa analinso ndi shuga, matenda a mtima ndi a mitsempha ya mu ubongo. Makina anali ochepa, ndipo mwa odwala impso a mgonagona ankasungira okhawo oyenera kudzapatsidwa impso ina. Khoti la malamulo aakulu linavomereza kuti chipatala chili ndi ufulu wosankha chotero, ndipo bamboyo anamwalira patangopita masiku ochepa. Iye anali nzika. Kuchuluka kwa matenda ake, komwe pa sikelo ina kukanamuika patsogolo pa mzere, pa sikelo iyi kunamutulutsa pamzere.

Lamulo la NHI, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, lomwe Cyril Ramaphosa anasaina mu May 2024 ndipo likukokedwakokedwabe m'makhoti, likuwonjezera nkhawa. Likufuna kuti makiliniki azilipidwa potengera anthu olembetsa ndi kulemera kwa matenda awo, apa ndiye masikelo aja adzagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Koma lomwelo likuti wofunafuna malo othawirako ndi mlendo wopanda mapepala adzalandira chithandizo cha mwadzidzidzi ndi cha matenda okhawo amene boma limalamula kuti azinenedwa, monga TB. BP ndi shuga sizili m'gulu limenelo. Kunena kwina, piritsi lotchipa la tsiku ndi tsiku ayi, koma bedi la sitiroko inde. Ngakhale wowerenga ndalama wopanda chisoni ayenera kuona kuti apa masamu sakuyenda.

Komabe yankho langa kwa mnzanga wa ku Fordsburg ndi loti kubisala sikunatitetezepo. Amene amanena kuti alendo adzaza zipatala sanadikire manambala kuti ayambe kunena. Pamene palibe chiwerengero, aliyense amaika chake, ndipo chofuula kwambiri ndicho chimapambana. Agogo athu a m'migodi sanapulumuke chifukwa chosawerengedwa, anangofa mwakachetechete n'kupeputsira ena bajeti. Chimene tiyenera kulimbira ndi kuti owerenga awerenge chinthu choyenera, ndi kuti fayilo ya chipatala isakhale njira yopita ku Home Affairs. Nesi si wa imigireshoni. Zimenezi zitalembedwa momveka n'kutsatidwa, theka la mayina abodza a m'mafayilo likanatha lokha.

Chinthu choyeneracho n'chiyani? Kusowa kwa munthu, osati maulendo ake. Zipangizo zina zilipo kale. Magazi a odwala a m'zipatala za boma amayezedwa ndi bungwe limodzi, NHLS, ndiye zotsatira za impso, za shuga wa miyezi itatu ndi za kuchuluka kwa kachilombo zili m'nkhokwe imodzi. Sikelo yomangidwa pa zimene magazi akunena ndi yovuta kuinamiza kuposa yomangidwa pa mapazi. Munthu wa matenda atatu amene wasowa miyezi inayi azikwera pa sikelo, asamatsike, chifukwa ameneyo ndiye ali pafupi ndi ambulansi. Ndipo pakhale poika mtolo wa chithandizo chenichenicho. Mu 2005 Cynthia Boyd ndi anzake anatenga mayi wongoyerekeza wa zaka 79 wa matenda asanu n'kumutsatitsa malangizo onse a matenda aliwonse payekha. Anatuluka ndi mankhwala 12, madozi 19 pa tsiku. Mayi ameneyo sanamuwerengere teksi, madamu, kapena geti. Wa kuno bwenzi atamufunsanso kuti makhadi ali nawo angati, amakwera kangati kuti afike, ndipo akajomba amataya zingati. Mafunso atatu amenewa nesi atha kufunsa pa mphindi imodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti angalosere za kugonekedwa kwa azakhali kuposa mapointi a ku New York.

Chondipweteka n'choti njira yochepetsera makhadi inapezeka kale, ndipo kwina inapezeka kwathu. Ku Neno, boma limene ambiri a ife timangolidziwa ndi msewu woipa, a Partners In Health pamodzi ndi unduna wa zaumoyo mu 2015 anasandutsa kiliniki ya ma ARV kukhala ya matenda onse a mgonagona. Wa HIV, wa BP, wa mphumu, wa khunyu, onse mzere umodzi tsiku limodzi, ndipo woona sangadziwe kuti uyu wabwerera chiyani. South Africa nayo inayamba kuyesa zophatikiza chotere cha m'ma 2011, ndipo kuyambira 2014 pali CCMDD yoti amene matenda awo akhazikika azikatengera mankhwala pamalo apafupi osaima pamzere wa kiliniki. Pa pepala zonse zilipo. Koma kuti ulowe mu CCMDD uyenera kuoneka wokhazikika, ndipo kuti uoneke wokhazikika uyenera kubwera mokhulupirika. Azakhali akulephera mayeso olowera pakhomo limene linapangidwira anthu ngati iwo.

Tisamangoloza eni dziko. Makhadi atatu aja, awiri anawapanga ndi azakhali eni ake. Tilipo amene timalembetsa ndi pasipoti ya m'bale, amene timabwereka mapiritsi a BP kwa mnzathu wa chipinda choyandikana chifukwa "ndi omwewo", amene timaitanitsa ma ARV pa basi kuchokera kumudzi kwa zaka osayezetsa magazi ngakhale kamodzi, amene timasintha nambala ya foni ngati malaya ndiye kiliniki ikaimba imapeza munthu wina. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo ndazitchula. Koma mapeto ake ndi oti dokotala amene adzatilandire usiku kuchipatala cha Helen Joseph kapena cha Bara, tili chikomokere, adzayamba kuchokera pa ziro, osadziwa zimene zili m'magazi mwathu. M'mipingo yathu ndi m'magulu a maliro timasunga bwino kwambiri kaundula wa amene wapereka ya bokosi ndi ya galimoto yonyamula thupi. Sindinaonepo gulu limene limafunsa mamembala ake kuti BP anayezetsa liti.

Tinakhala pa bedipo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinalemba pa pepala limodzi mankhwala onse, a boma ndi ogula, ndi dzina lawo monga lilili pa pasipoti, zilembo zikuluzikulu. Ndinawapempha kuti asasiye kapena kusintha piritsi lililonse paokha, koma Lachinayi anyamule chigoba chonsecho ndi makhadi onse atatu, akakhuthule patebulo la nesi monga anachitira pa chitenje, n'kupempha kuti awayeze impso ndi kuwaphatikizira zonse pa fayilo imodzi.

"Ndiye akakandikalipira kuti ndimayenda makiliniki awiri?"

"Akakukalipiraniko pang'ono, azakhali. Ine ndidzakuperekezani."

Anakhala chete, kenako anatenga foni n'kuyamba kulembera madamu uthenga wopempha Lachinayi, akufufuta ndi kulembanso, kufunafuna mawu osatchula matenda. Atatumiza anayamba kubwezera mankhwala m'chigoba, limodzilimodzi. Kabotolo ka ku Dedza kaja sanakaikemo. Anakakulunga m'kansalu n'kukalowetsa pansi pa pilo.

"Aka nesi sakamudziwa," anatero. "Ndi ka maondo chabe."